Kodi mayi uja akutaya mwana wake?

Lamulungu lina m'mwezi wa Julayi, Misa yoyamba itangotha, nkhungu isanachoke pa Phiri la Dedza, mayi wina wa mumphakati mwathu adandidikira pakhomo la tchalitchi. Ambiri a inu mumawadziwa, ndipo andilola kufotokoza nkhaniyi bola ndisawatchule dzina. Ndi mayi uja amabwera atabereka mnyamata wa zaka 13 ndi zitenje ziwiri, miyendo ya mwanayo ikuwagunda m'mawondo. Adandiuza kuti msana wawo watha, kuchipatala awauza kuti asiye kusenza zolemera, ndipo mbale wawo wawapezera malo kunyumba ina yosamalira anthu aulumali, kutali ndi boma lino. Kenaka adafunsa motsitsa mawu: "Aphunzitsi, ndikakamusiya kumeneko, ndizilandirabe?"

Ndidayankha msanga kuti, "Mayi, limenelo si tchimo," n'kuthamangira ana a Ukaristia woyamba amene ankandidikira m'kalasi. Yankholo sindikulibweza. Koma ndidalipereka ngati munthu wothamangitsa ntchentche, ndipo kuyambira tsiku limenelo funso lawo landikhala pamtima.

Nkhaniyi itafika kumphakati anthu adagawikana. Bambo wina wachikulire adati makolo athu sankadziwa zopereka mwana kwa alendo, mtanda umene Mulungu wakupatsa umausenza mpaka kumanda. Amayi angapo adang'ung'udza, mmodzi n'kuyankha kuti mtandawo abambowo sadaukhudzepo ndi chala chomwe. Wina adaponya mwambi uja woti mwana wa mnzako ngwako yemwe, tonse n'kugwedeza mitu. Ine ndidawerenga mumtima: pa anthu oposa makumi awiri amene tidakhala pabwalopo, amene adadyetsapo mnyamatayo ngakhale kamodzi adali awiri, ndipo ine sindidali mmodzi wa iwo.

Tiyambe tamvetsa chimene mwanayu ali nacho, chifukwa maweruzo athu ambiri amachokera pa kusadziwa. Achipatala amachitcha cerebral palsy. Ndi ulumali umene umabwera ubongo wa mwana ukavulala ali m'mimba, pobadwa, kapena m'zaka zoyambirira za moyo. Kwathu kuno zoyambitsa zake n'zodziwika: mwana kubanika pobadwa mayi akachedwa kuthandizidwa, kubadwa masiku asanakwane, chikasu chachikulu cha m'masiku oyamba chimene sichidathandizidwe, malungo ofika kuubongo, matenda oumitsa khosi. Dokotala wa ku London, William John Little, adafotokoza kale m'zaka za m'ma 1860 kuti kuuma kwa miyendo kwa ana ena kumagwirizana ndi kubadwa movutikira. Ife mpaka lero tikunong'onezanabe za tsempho, za ufiti, kapena kuti bambo ake adamukhwimira kuti golosale iyende. Ulumaliwu supatsirana. Chilonda cha muubongocho sichikulirakulira, ngakhale thupi likhoza kupindika kwambiri ndi zaka ngati silisamalidwa. Pa dziko lonse, mwa ana 1,000 obadwa, awiri kapena atatu amakhala nawo, ndipo m'maiko osauka chiwerengerocho chimakwera.

Anthu ake safanana. Ena amangotsimphina pang'ono, amaphunzira, amagwira ntchito, amakwatira. Pafupifupi mmodzi mwa atatu sayenda, mmodzi mwa anayi salankhula, ndipo ambiri amakhalanso ndi khunyu. Koma pafupifupi theka la iwo nzeru zawo zili bwinobwino. Chimenechi ndicho timachiphonya. Tikaona dovu likutsika ndi mutu ukugwera kumbali timaganiza kuti mkatimo mulibe munthu womva, n'kumakamba za iye ali pomwepo ngati tikukamba za thumba la feteleza.

Tsiku la mnyamata ngati uyu limazungulira pa chakudya. Minofu yomezera siigwira bwino ntchito, choncho ayenera kukhazikidwa chowongoka, chibwano chili pansi pang'ono, n'kumapatsidwa phala lolimbirako pa kasipuni kakang'ono, wodyetsayo akudikira kuti ameze asanawonjezere. Madzi ndi tiyi ndizo zimatsamwitsa kuposa phala. Akadyetsedwa chogona kapena mofulumira, tizidutswa timalowera njira ya mpweya, ndipo mapeto ake ndi chibayo, chomwe chimapha ambiri mwa anthu a ulumali umenewu. Kudya kumodzi kukhoza kutenga mphindi 40. Akatha sayenera kugonekedwa nthawi yomweyo. Pakati pa zakudyazo pali kumutembenuza pakapita maola awiri kapena atatu kuti asatuluke zilonda m'chiuno ndi m'zidendene, kumuwongola manja ndi miyendo monga amaphunzitsira a mafizo kuti mfundo zisaume, kumutsuka mano, kuchapa zofunda, kuyang'anira kudzimbidwa, kumupatsa mankhwala a khunyu pa nthawi yake. Ambiri amamva ululu, makamaka m'chiuno pamene fupa limatha kuguluka pang'onopang'ono, koma wosalankhula ululu wake umamveka ngati kuvuta. Kuno kwathu, pa tawuni yokwera kuposa matawuni ena onse m'Malawi, chisanu cha Juni ndi Julayi chimaumitsa thupi lake kwambiri, ndipo zochapa siziuma.

Zonsezi mayi uja wakhala akuzichita yekha zaka 13, kwinaku akugulitsa mbatata ya kachewere mumsika. Bambo a mwanayo adachoka mwanayo asanakwanitse zaka zitatu.

Tsono funso nali: kodi chikondi chimalamula kuti munthu azichita yekha zimene thupi lake lalephera? Amene amati inde ali ndi mfundo, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Nyumba zosungira anthu zili ndi mbiri yoopsa. Ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu utagwa ku Romania mu 1989, dziko lidaona ana masauzande ambiri, ochuluka mwa iwo aulumali, atagonekedwa m'mabedi achitsulo popanda wowanyamula. Kuyambira mu 2000 akatswiri adatsatira ana 136 a m'nyumba zotere mumzinda wa Bucharest. Theka adapatsidwa mabanja owalera, theka adatsala. Amene adapita m'mabanja adakula bwino m'nzeru, m'kalankhulidwe ndi m'kukhulupirira anthu, makamaka amene adachotsedwa asanakwanitse zaka ziwiri. Anawo sadali a cerebral palsy, koma chimene chidaoneka n'chokhudza mwana aliyense: chakudya ndi denga sizikwanira ngati palibe munthu mmodzi amene ndi wako. N'chifukwa chake pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene Malawi adalivomereza mu 2009, m'gawo 19 limateteza ufulu wa munthu waulumali wokhala pakati pa anzake ndi wosankha kumene akhale, m'malo mokakamizidwa kukhala kumalo apadera.

Ndili ndi umboni wanganso. Ndili ku yunivesite tidapita ndi anzanga a bungwe la ophunzira achikatolika kukacheza kunyumba ina yotere. Padali paukhondo kuposa kuhositelo kwathu. Pansi popolishidwa, mabulangete opindidwa bwino, aliyense wosamba. Koma tidafika nthawi ya nkhomaliro. Mayi mmodzi wantchito adali ndi anthu khumi oti awadyetse. Werengani nokha: mphindi 40 kuchulukitsa ndi khumi ndi maola asanu ndi limodzi ndi mphindi 40, pa chakudya chimodzi chokha. Nthawi imeneyo adalibe, choncho ankadyetsa mofulumira, ena ali chogona, sipuni ikulowa wina akutsokomola. Sadali mayi wankhanza. Adali wotopa, ndipo masamu adali atamugonjetsa kale. Pakhonde padali mzimayi wa zaka ngati makumi atatu amene onse ankamutcha "mwana". Ankadzutsidwa nthawi imodzi ndi onse, kusambitsidwa nthawi imodzi ndi onse, kuvekedwa diresi lililonse limene lauma. M'kaundula adalembedwa kuti ali bwino, ndipo zidali zoona: sadadwale, sadaonde, adalibe chilonda.

Apa ndi pamene chinenero chathu chimatithandiza. Timati kusunga, timatinso kulera. Chimanga timasunga m'nkhokwe: chisanyowe, chisafumbwe, chisabedwe. Ukachipeza monga udachisiyira, wasunga bwino. Munthu ukamupeza monga udamusiyira zaka zisanu zapitazo, pali chimene chalakwika. Achipatala ali ndi muyeso wa magawo asanu wosonyeza mmene munthu wa cerebral palsy amayendera, kuyambira woyenda yekha mpaka wofunika kunyamulidwa pa chilichonse. Muyesowu ndi wothandiza posankha chikuku kapena mpando woyenera. Koma sungatiuze ngati lero wina wamufunsa chimene akufuna kumvera pa wailesi. Ulemu wa munthu sukwera kapena kutsika ndi magawo amenewa. Komabe ndisanamizire uzimu n'kunena kuti zimene thupi likutha kuchita zilibe kanthu. Mnyamata akaphunzira kugwira yekha sipuni yokulungidwa nsanza pachigwiriro, ngakhale theka la phala litayike, wapeza kanthu kakakulu: ayamba yekha, aleka yekha. Nyumba yofulumira imamulanda sipuniyo chifukwa akuchedwetsa ndi kudetsa pansi. Mayi wofulumira nayenso amatero.

Ndanena dala mawu omalizawo. Amene amati mwana asachoke pakhomo amalankhula ngati pakhomo ndi paparadizo. Tonse tikudziwa makomo amene mwana wotere amatsekeredwa m'nyumba kuyambira m'mawa mpaka madzulo chifukwa mayi wapita kuganyu kudimba ndipo palibe womusiyira. Tikudziwa ana akhunyu amene adagwera pambaula m'nyengo yozizira. Tikudziwa atsikana osalankhula amene adachitidwa zoipa ndi anthu a pamudzi pomwepo, podziwa kuti sakanena. Tikudziwa azichemwali amene adasiya sukulu ali Sitandade 5 kuti azilera mlongo wawo, ndipo palibe amene adawafunsa ngati mtandawo ndi wawonso. Ndipo pali funso limene mayi aliyense wa mwana wotere amagona nalo: ine ndikadzafa, adzatsala ndi yani? Nyumba yabwino, yokhala ndi antchito okwanira, mafizo, mankhwala osadukiza ndi anzake ocheza nawo, ikhoza kupatsa mnyamatayu zimene chipinda chimodzi cha lendi sichingathe. Dayosizi yathu yomwe ili ndi mbiri ya malo otere. Ku Mua, kumene Abambo Oyera adafika mu 1902, kudali malo osamalira odwala khate pa nthawi imene midzi inkawathawa, ndipo mpaka lero kuli sukulu yogonera komweko ya ana osamva. Palibe amene amati kholo lotumiza mwana wosamva ku Mua lamutaya.

Ndiye ine ndaima pati? Ndikuganiza kuti kutaya munthu sikuyezedwa ndi makilomita. Munthu amatayidwa pamene palibenso amene akudziwa kuti akakweza maso ndiye kuti inde, akatembenuza mutu ndiye kuti ayi, akalira motere ndiye kuti m'chiuno mukuwawa osati njala. Chidziwitso chimenechi mayi uja ali nacho, adachisonkhanitsa usiku ndi usana zaka 13, ndipo sichilembedwa pa kalata yotumizira wodwala. Akakamusiya mwanayo pachipata, n'kupita nacho chidziwitsocho osabwereranso, pamenepo pali kutaya. Akakhala naye pakhomo mpaka msana kuthyoka, mwanayo n'kumagona pamphasa yonyowa chifukwa palibe womudzutsa, kungoti anthu asanene, pamenepo palinso kutaya, kungoti kwakutidwa ndi chitenje cha Amayi Achikatolika. Choncho si tchimo kufuna thandizo la nyumba yotere. Koma si nkhani yopepukanso, ngati kusintha sukulu. Mayiyo ali ndi udindo wokaona ndi maso ake, wophunzitsa antchito chinenero cha mwana wake, wobwerabwera, ndi womutenganso ngati zinthu sizili bwino.

Chimene chimandivuta kwambiri ndi china. Kulemera kumene mayi uja adabwera nako pakhomo la tchalitchi sikudali kwake yekha. Timakonda kunena za umunthu, kuti munthu ndi munthu chifukwa cha anzake. Mawu amenewa ndi okoma pa maliro ndi pa ukwati, koma ali ndi mano. Ngati umunthu wa mnyamatayu ukuonekera mwa anzake, ndipo anzakewo ndife, ndiye kuti pamene iye akukhala ngati katundu m'chipinda, chimene chachepa ndi umunthu wathu. Mayi wafika poti asankhe pakati pa msana wake ndi mwana wake chifukwa ife tidamusiyira zosankha ziwiri zokha.

Pali woyera wina amene Papa Francis adamulengeza mu 2021, Margherita wa ku Città di Castello, ku Italy. Adabadwa mu 1287 ali wakhungu, msana wopindika, mwendo wina waufupi. Makolo ake adali olemera, ndipo chifukwa cha manyazi adamubisa zaka zambiri m'kachipinda komangidwa pambali pa tchalitchi. Pambuyo pake adapita naye kumalo ena opempherera kukafuna chozizwitsa, ndipo chitalephereka adamusiya komweko n'kubwerera kwawo. Amene adamutola adali amphawi a mumzindawo. Panalibe banja limene likadatha kumusunga lokha, choncho ankalandizana, nyumba ino masiku angapo, nyumba inayo masiku angapo. Adamwalira mu 1320 ali wa gulu lachitatu la Dominiko Woyera, wodziwika pophunzitsa ana ndi kuyendera akaidi. Chimene chimandigwira m'mbiri imeneyi si kuyera kwake kokha. Ndi dongosolo la amphawi aja. Wina adayenera kukumbukira kuti sabata ino ndi yathu.

Thandizo lina lilipo, ngakhale lili patali ndipo n'losakwanira. Lamulo la anthu aulumali la 2024 lidalowa m'malo mwa la 2012, ndipo bungwe lakale la MACOHA tsopano ndi MACODA. Pali bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM. Ku Blantyre kuli malo a mafizo a Kachere, ndipo chipatala cha Beit CURE mumzinda womwewo, chimene chidatsegulidwa mu 2002, chimachita maopaleshoni a mafupa a ana. Ku Mzuzu abale a St John of God amathandiza ana otere ndi makolo awo. Palinso Mtukula Pakhomo kwa mabanja amene alembedwa. Koma palibe bungwe limene lingabwere Lachiwiri m'mawa kudzakhala ndi mnyamatayo maola atatu kuti mayi ake apite kumsika. Mpando womukhazika chowongoka akhoza kuukhoma kalipentala wa mumphakati mwathu, wa mafizo akamupatsa miyeso. Ena amaupanga ndi makatoni omatidwa ndi phala la ufa, ndipo umalimba. Pa zaka 13 palibe amene adaganizapo, chifukwa tinkamuona mayiyo akubwera ku Misa atabereka mwana, n'kumati koma mayi uyu ndi wolimba m'chikhulupiriro.

Ndiulule changa. Ndaphunzitsa ana a Ukaristia woyamba zaka zinayi, ndipo sindidalembepo dzina la mnyamatayu. Palibe amene adandiletsa. Ndinkangoganiza kuti poti sangayankhe mafunso a katekisimu, si wa m'kalasi mwanga. Chonsecho lamulo la Mpingo silifuna kuti mwana alakatule mayankho. Limafuna kuti amvetse chinsinsicho monga mwa kuthekera kwake ndi kulandira mwaulemu, ndipo buku lotsogolera akatekisiti limene lidatuluka ku Vatican mu 2020 limanena poyera kuti anthu aulumali asamanidwe masakramenti. Ngati kumeza kuli kovuta, wansembe akhoza kupereka kachidutswa kakang'ono. Ine amene ndidafulumira kuuza mayi kuti azilandirabe, mwana wake ndidamusiya kunja kwa mzere zaka zonsezi ali pamsana pomwepo, akuona anzake akupita kutsogolo.

Ndipo pa msonkhano wonse uja wa mphakati, pamene tinkakangana za tsogolo lake, iye adali pamkeka pakati pathu. Palibe amene adamufunsa. Sabata yotsatira ndidapita kunyumba kwawo, mayi ake n'kundiphunzitsa mmene amayankhira. Ndidamufunsa ngati amandidziwa, adakweza maso. Ndidamufunsa ngati akufuna kulowa kalasi, adakweza maso, thupi lonse n'kuuma ndi chisangalalo mpaka mwendo kugunda beseni. Ndidamufunsa ngati wamva za nyumba ija. Adakweza maso. Nditafunsa ngati akufuna kupitako sadakweze maso, sadatembenuzenso mutu. Adangoyang'ana mlongo wake wamng'ono amene ankasenda mbatata pakhomo. Mayi ake adati nawonso kayankhidwe kameneko sakukadziwa.

Pakadali pano mabanja asanu alembetsa kuti azilandizana m'mawa wa masiku a msika, ndipo awiri mwa iwo ayamba kale kuphunzira kumudyetsa mayi ake ali pomwepo. Bambo wachikulire uja wa mtanda ndiye wapereka matabwa a mpando. Sindikudziwa ngati zimenezi zikwanira, kapena ngati tidzapirira mvula ikayamba ndipo aliyense ali kumunda. Malo aja kunyumba ija awasungira mpaka kumapeto kwa mwezi wamawa. Mayiyo akuti sangasankhe asanaone, ndipo akufuna mwana wake akaonenso. Tidzapita Lachinayi, ine ndidzamunyamula pokwera ndi potsika minibasi. Tawauza kuti tidzafika m'ma 12 koloko, ndipo sitidzachoka nkhomaliro isanathe.